Sensa ya pakhonde, sabata yachinayi

Kwa mausiku asanu tsopano getsi la pakhonde likuyaka munthu akafika basi. Galu akudutsa, kugona, kudzikanda pansi pake penipeni, getsi lili chete. Mtima wanga wakhala pansi, chifukwa zonsezi ndinaziyamba kuti mayi a kunyumba asamavutike kufufuza switchi mumdima akamachokera kukhitchini ya panja, nsima dzanja ili, ndiwo dzanja linalo.

Sensa yomwe ndikugwiritsa ntchito ndi HC-SR501, kabolodi kobiriwira kokhala ndi kachipewa koyera ngati theka la dzira. Ndimayipatsa mavolti 5 kuchokera pa Arduino, kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo zamagetsi, ndipo ikamva munthu imatulutsa mavolti 3.3 omwe amakadzutsa relay, switchi yoyendera magetsi yomwe imayatsa getsi. Ili ndi timabatani tiwiri topotokola ndi sikuludiraiva. Kamodzi n'ka mtunda, kuyambira mamita 3 mpaka 7, kena n'ka nthawi yoti getsi likhale loyaka, mpaka mphindi zisanu. Mukangoyilumikiza kumene ipatseni mphindi imodzi ikhazikike, chifukwa nthawi imeneyo imayatsa ndi kuzimitsa popanda chifukwa.

Chomwe chanditsegula maso sabata ino n'chakuti kachipangizoka sikaona munthu ayi. Kamangomva kusintha kwa kutentha. Khungu lathu limakhala pa madigiri pafupifupi 33, ndipo limatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, komwe William Herschel anatulukira mu 1800 ataika thermometer kuseri kwa mtundu wofiira wa kuwala kwa dzuwa n'kuona ikukwera. Ndinavula kachipewa koyera kaja n'kupeza kachitini kakang'ono kokhala ndi kawindo. Mkati mwake muli timagawo tiwiri. Tonse tiwiri tikamalandira kutentha kofanana, palibe chochitika. Kamodzi kakalandira kambiri kuposa kanzake, getsi ng'aa! Kachipewako ndikakatembenuza n'kuyang'ana mkati ndimaona timagalasi tambirimbiri togundana ngati chisa cha njuchi. Kagalasi kalikonse kamayang'ana mbali yakeyake, ndiye munthu akamayenda amatuluka m'dera la kagalasi aka n'kulowa m'dera la kena, ndipo timagawo tija timalandira kutentha mosinthana.

Lamlungu madzulo mphwanga anandithandiza kuyesa zimenezi. Ndinamuuza kuti, "Iwe, ima pamenepo, usagwedezeke." Anaima njo pafupi ndi mtondo, mamita awiri okha kuchokera pachitseko, ndipo nthawi yomwe ndinatchera itatha getsi linazima iye ali pomwepo. Atangokweza dzanja, linayakanso. Tinaonanso kuti akamadutsa mopingasa sensa imamumva ali patali, koma akamabwera molunjika pang'onopang'ono amafika pafupi ndithu isanamumve. N'chifukwa chake ndayisuntha. Poyamba inkayang'anizana ndi kanjira kochokera kukhitchini, pano kanjirako kakudutsa kutsogolo kwake.

Kenako tinayamba kuyesa zotchinga, chifukwa mvula ili pafupi ndipo maganizo anga anali oti ndiyiike m'botolo lagalasi kuti isanyowe. Ndinatenga galasi la windo lakale n'kuliika kutsogolo kwa sensa, mphwanga n'kumayenda uku ndi uku, kudumpha, kuvina kumene. Getsi silinayake ngakhale kamodzi. Ine ndikumuona bwinobwino kudzera pagalasilo, koma kwa sensa linali ngati khoma la njerwa, pakuti galasi wamba sililola infrared ya kutentha kwa thupi kudutsa. Nditachotsa galasi n'kuika jumbo yakuda yopyapyala, yomwe maso anga sangaone kanthu kuseri kwake, getsi linayaka nthawi yomweyo. Zimenezi zinandigwira mtima kwambiri, moti ndinabwereza katatu. Pulasitiki ya jumbo ndi ya mtundu umodzi ndi ya kachipewa koyera kaja, polyethylene. Pepala la aluminiyamu lokutira chakudya linatchinga zonse, katoni nayenso chimodzimodzi. Mphwanga atafunda bulangete kumutu mpaka kumapazi, sensa inachedwa kumumva, koma bulangetelo litayamba kufunda ndi thupi lake inamupeza. Za botolo ndazisiya. Ndakhoma kathabwa pamwamba ngati kadenga, kutsogolo ndasiya poyera.

Nzeru yoti getsi lisamayakire galu inachokera pomwepo. Timagalasi ta m'munsi mwa kachipewa ndi tomwe timayang'ana pansi, choncho ndinamata tepi yakuda ya magetsi mkati mwake, m'munsimo mokha. Ulendo woyamba ndinamata yochuluka, moti mwana wathu wamng'ono anafika mpaka pachitseko mumdima. Ndinamatula n'kudula ndi lezala kachidutswa kochepa, n'kumayesa mwana akudutsa, galu akudutsa, mpaka zinakhala bwino. Zinanditengera madzulo awiri.

Vuto lomwe latsala ndi kutentha kwa Okutobala kuno. Khoma la njerwa limasunga dzuwa la tsiku lonse, ndipo cha m'ma 7 koloko likadali lofunda mukaligwira. Kutentha kwa khoma kukayandikira kwa khungu, kusiyana komwe sensa imadalira kumachepa, ndiye munthu amayenera kuyandikira kwambiri. Mbandakucha kukazizira imamva kuchokera pachipata.

Wina anandifunsa ngati rimoti ya TV ingayatse getsili, poti nayonso ndi ya infrared. Ndayesa, siyatsa. Rimoti imatulutsa infrared yoyandikana ndi kuwala kooneka, ya mafunde otalika cha pa ma nanometre 940 (muyeso wa tinthu tochepetsetsa kwambiri), ndipo mukailozetsa pa kamera ya foni mumaona kakuwala kofiirira kakuphethira. Ya thupi lathu mafunde ake ndi aatali kuwirikiza kakhumi, ndipo kawindo ka sensa kamalola yokhayo.

Kukhola la nkhuku ndayesako RCWL-0516, yomwe simva kutentha koma imatumiza mafunde a wailesi a pafupifupi 3.2 GHz n'kumva akabwerera atasintha chifukwa chinthu chayenda. Imeneyi galasi, thabwa, katoni, zonse imangodutsa. Inkamva anthu oyenda kuseri kwa mpanda waudzu, inkamvanso nthambi za mango kukachita mphepo, ndiponso nkhuku zomwezo zikamasuntha pachisa. Chidutswa cha lata chomwe ndinaimika mbali ya kumsewu chinachepetsako, koma sindinakhutire nayo, ndipo ndayibweza m'bokosi kaye.

Pa kabolodi ka HC-SR501 pali timabowo tiwiri tolembedwa RL, poikapo LDR yomva kuwala kuti getsi lisamayake masana. Ndili nayo kale imodzi yomwe ndinachotsa pa nyali ya sola yowonongeka. Magetsi akakhalapo Loweruka, ndiwotchererapo.