Kamwala ka pa Thondwe kandidyera galasi lonse

Mwezi wa June ndikuchokera ku Blantyre pa M3, nditangodutsa pa Thondwe, lole ya miyala ya kwale inali patsogolo panga, ndinangomva kuti thaa! pa galasi lakutsogolo. Nditafika kunyumba ku Matawale ndinayang'ana, kanali kanyenyezi kakang'ono mbali ya pasenja, kosaposa chikhadabo. Ndinati aaa tidzaona mwezi ukatha.

Panapita masabata atatu. Loweruka lina m'mawa tinakwera phiri ndi ana kupita ku Chawe, chifunga chili tho, kuzizira kwa ku Zomba mukukudziwa inu, galasi linachita nthunzi ndiye ndinayatsa hita kuti ndiziona msewu. Abale, mng'alu ndinauona ukuyenda ndi maso angawa, kuchoka pa kanyenyezi kaja mpaka kutsogolo kwa chiwongolero. Mtima unandipweteka kwambiri chifukwa ka Sienta aka ndi komwe timadalira pa chilichonse pakhomo pano.

Bambo amene anandiikira galasi lina ku Limbe ndi omwe anandifotokozera bwino. Anandionetsa m'mphepete mwa lakale lija nkuti, achimwene onani apa, awa ndi magalasi awiri, pakati pali pulasitiki yowamata, ndiye chifukwa chake silimayoyoka ngati a m'zitseko. Kamwala kamaboola lakunja lokha. Ndikanabwera msanga akanapopera resin, guluu woonekera ngati galasi, m'kabowomo, kuumitsa ndi nyali ya UV, ntchito ya mphindi 30 basi, bola kabowoko kakhale kakang'ono, kasakhale m'mphepete kapena pomwe dalaivala amayang'ana. Chomwe chimaononga ndi fumbi ndi madzi a sopo olowa momwemo pochapa galimoto, kenako kunja kuzizire mkati mutenthe, kapena mugunde dzenje limodzi, kwatha. Akuti selotepi yoyera yomata pomwepo tsiku lomwelo imathandiza kuti mukhale moyera mpaka mutapeza wokonza.

Koma chomwe ndikufuna mumve kwenikweni ndi nkhani ya inshuwaransi. Ambirife tili ndi third party chifukwa ndi yomwe lamulo limafuna komanso ndi yotchipa, koma ija imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, galasi lanu sakulidziwa ayi. Za kulondola mwini lole iwalani, nambala sindinaione, ndipo umboni woti mwala unachokera kwa iyeyo ndikanautenga kuti?

Ine ndili ndi comprehensive, ija imalipiranso galimoto yanu yomwe ikaonongeka, ndiye ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti alipira. Nditaimba foni anati inde galasi lilimo, koma lili ndi malire ake a ndalama olembedwa pa polise, pepala la mgwirizano wa inshuwaransi. Ndinakafufuza pepala lija m'kabati, zoona, malirewo ndi omwe tinagwirizana kale Kwacha isanagwe ndi 44% mu November 2023, chaka ndi chaka ndimangolipira osawayang'ananso. Magalasiwa amachokera kunja, mitengo inakwera kalekale koma nambala ya pa pepala langa inangokhala pomwepo, kenako nkuchotsaponso excess, ija mumayamba mwalipira nokha. Zotsala ndinatulutsa m'thumba mwanga mwezi wa fizi. Sanandibere ayi, zonse zinalembedwa, kungoti palibe amene amakukhazika pansi kukuuza kuti malire awa atha ntchito, ndipo izi ine ndikuona kuti sizabwino.

A inshuwaransi anafunanso zithunzi ndi kotesheni galasi lisanachotsedwe, mwamwayi ndinali ndisanapite kogula. Mukathamanga kusintha musanawauze mutha kuvutika nawo.

Kuyenda nalo long'aluka sindinafune, usiku magetsi a galimoto zobwera amamwazikira mu mng'alumo maso nkuchita chidima, komanso COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, inali pafupi kutha, apolisi a pamsewu nawo sangakusiyeni.

Polise yanga ikutha mwezi wa mawa, ndawauza kale a broker, amene amandikonzera inshuwaransi, kuti malire a galasi tiwakweze ngakhale premium, ndalama yomwe ndimalipira ku inshuwaransi, ikwereko pang'ono. Selotepi ndagula, ili m'galimoto limodzi ndi mapepala.