Tidakaona komwe amayeza mvula ku Bvumbwe

Ife a kalabu ya alimi a tiyi tidanyamuka pa Chitakale m'bandakucha, kudzera pa Luchenza ndi pa boma la Thyolo mpaka ku Bvumbwe. Za mayi amene adatichedwetsa pofunafuna chitenje cha yunifolomu, tisiye kaye.

Ine ndinkayembekeza makina akuluakulu. Chomwe tidapeza ndi kachitini kachitsulo koimikidwa pabwalo, ndi kabokosi koyera kokhala ndi timipata, momwe amasungamo zoyezera kutentha. Bambo amene adatilandira adati tsiku lililonse 8 koloko m'mawa, kaya ndi pa Khrisimasi, munthu amakhuthulira madzi a m'kachitinimo m'kabotolo ka manambala n'kulemba m'buku. Akati mvula yagwa milimita imodzi, ndiye kuti lita imodzi yagwera pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Manambalawo amapita ku nthambi yoona zanyengo ku Blantyre, ndipo ulosi timaumva pa wailesi uja umayambira pa ntchito yooneka yonyozeka ngati imeneyi.

Agogo ena adafunsa kuti, "Achimwene, nanga ndalama zake zimachokera kuti?" Adayankha kuti malipiro ndi a boma, koma zipangizo zatsopano zambiri m'dziko muno zimabwera ndi mapulojekiti a mabungwe akunja. Apa mtima wanga sudakhazikike. Pulojekiti imatha, pomwe mvula imagwa chaka ndi chaka.

Ife a ku Mulanje sitifuna wotiuza mtengo wa nyengo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, napolo n'kukokolola minda ndi milatho kwathu kuno. Wa Ana mu Januwale 2022 adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo fakitale ya tiyi popanda magetsi masamba athu amangofota. Mu 2024 chilala chidakhudza maboma 23 mwa 28. Ndalama zokonzera mlatho umodzi zingagule zoyezera mvula zingati? Ngakhale feteleza wodula uja, ukathira dzulo lake la chimvula, wapita ku Ruo.

Pobwerera tidagula mbatata ndi kabichi pamsika wa Bvumbwe. M'minibasi momwemo tidagwirizana zosonkha ndalama zogulira choyezera chathu, chikaime pa shedi pomwe timagulitsira masamba. Kalata yopita kwa phungu wathu, yoti akayankhulepo pa nthawi ya bajeti, adandipatsa ine kuti ndilembe, poti ndine ndidalongolola kwambiri.