Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: usiku umene ndinapempha thandizo

Mugawo lapita lija ndinasiyira pomwe ntchito inatha nde tulo tinayamba kuvuta. Lero ndikulemba gawo lolemera kwambiri, ndipo ngati inuyo muli pomwe ndinali ine nthawi imeneyo, musadikire kumaliza kuwerenga, imbirani munthu panopa kapena pitani kuchipatala, nkhaniyi muzaipeza.

Zinthu zinafika poti kusamba inali ntchito, kudya inali ntchito, foni ikalira ndimangoiyang'ana mpaka idule yokha. Koma choopsa kwambiri sichinali kulira ayi, chinali kaganizo kena kamene kamabwera mwakachetechete kumandiuza kuti ndine katundu, kuti anthu apume nditachoka, ndipo kamamveka ngati zoona zenizeni. Ndinayesapo kumuuza mnzanga wina, anangoti "limba mtima, aliyense ali ndi mavuto" basi nkhani nkuthera pompo. Sindimuda, sankadziwa. Koma ndikunena izi kuti munthu woyamba akakuyankhani choncho musatseke pakamwa, pezani wachiwiri.

Wachiwiri wanga anali achemwali anga aakulu. Pakati pa usiku manja akunjenjemera ndinawalembera meseji, "Achemwali sindili bwino, ndikuopa kukhala ndekha." Anaimba nthawi yomweyo. Sanayambe ndi ulaliki olo kundifunsa kuti chavuta nchani, anangoti, "Mng'ono wanga ndiyankhe zoona, ukuganiza zodzipha?" Ndinati eya. Ndipo mtima unapepuka, chifukwa kwa nthawi yoyamba chinthu chija chinatuluka mmutu mwanga nkukhala pakati pa anthu awiri. Ambiri amaopa kufunsa funso limeneli poganiza kuti amupatsa munthu maganizo oipa, koma akatswiri anafufuza nkupeza kuti kufunsa mosabisa sikumukankhira munthu kumeneko, kumamutsegulira khomo loti alankhule. Chonde muzifunsa.

"Usadule foni, tsegula chitseko ukhale pabalaza, ndikubwera." Njira yonse amandilankhula, zina zopanda pake, bola ndiziyankha. Atafika anandikumbatira kenako anazungulira nyumba yonse kutolera mapilitsi ndi china chilichonse chomwe ndikanadzivulaza nacho nkuika mchikwama chawo, ine ndikungowayang'ana. Pambuyo pake a dokotala anandifotokozera chifukwa chake zimenezi zili zofunika, maganizo ofuna kuchotsa moyo akafika pachimake nthawi zambiri sakhalitsa, pena mphindi pena maola, nde ngati chinthu choopsa chili kutali munthu amadutsa pachimake paja ali moyo. Ku Sri Lanka ataletsa mankhwala ena oopsa kwambiri ophera tizilombo mminda mzaka za m'ma 1990, chiwerengero cha odzipha chinatsika kupitirira theka.

Tinapita kuchipatala usiku womwewo, mbali ya odwala mwadzidzidzi. Ine ndimaona ngati kumeneko nkwa anthu a ngozi, otuluka magazi, ndiye ndimachita manyazi kuti ndikanena chani poti thupi langa lilibe bala. Achemwali ndi amene anayankhula pa desiki, "akufuna kudzivulaza, sitingadikire mawa." Mawu amenewo muwasunge, nenani momveka choncho osazungulira, chifukwa ukangoti sindikugona bwino akhoza kukuuza kuti ubwere tsiku lina. A nesi anandiyeza BP, kenako anakhala pansi nkundifunsa ngati ndinakonza njira, ngati ndinayesapo kale, ngati ndimamwa mowa, ndimakhala ndi ndani. Mafunso olasa koma amafunsa modekha, cholembera chili mmanja maso ali pa ine.

Anandipatsa mankhwala a matenda ovutika maganizo nkundichenjeza kuti sagwira msanga, amatenga masabata 2 mpaka 6, ndipo masabata oyambirirawo ndizikhala ndi munthu, zikavuta ndibwerere osadikira tsiku lomwe anandiuza kuti ndidzabwerenso. Anatinso ndikadzayamba kupeza bwino ndisadzasiye ndekha mwadzidzidzi.

Chomwe ndimachigwiritsabe ntchito mpaka lero ndi pepala lomwe tinalemba limodzi ndisanatuluke, dongosolo lodzitetezera. Njira imeneyi anaikonza Barbara Stanley ndi Gregory Brown aku America, ndipo ndi yosavuta, umalemba zizindikiro zoti mdima ukubwera (zanga ndi kusiya kuyankha foni ndi kusagona), zomwe ungachite wekha kuti maganizo apite kwina, malo omwe ungakakhale pagulu, anthu oti uwaimbire ndi manambala awo, kenako chipatala chapafupi. Ubwino wake ngwakuti umalemba mutu uli bwinoko, chifukwa pa nthawi ya vuto lenileni ubongo suganiza, olo nambala ya mchemwali wako imakuthawa. Langa ndinalijambula lili mufoni.

Papepalapo tinaikanso nambala yoimbira pakavuta. Mayiko ambiri ali ndi manambala otere, ena aulere komanso a usiku ndi usana, ndipo zinayamba kalekale, m'busa Chad Varah anayambitsa bungwe la Samaritans ku London mu 1953 kuti munthu wosweka mtima akhale ndi pomuyankha. Fufuzani ya dziko lomwe mukukhala lero lino muiseve, musadikire tsiku loipa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo zimandipweteka ndikaganiza kuti angati mwa iwowa anagwira foni ngati ine koma osadziwa woti amuimbire.

Achemwali anagona kwanga masiku otsatirawo, mankhwala amasunga ndi iwo nkumandipatsa a tsiku limenelo basi. Sizinathe pompo ayi, masabata oyamba aja anali ovuta ndipo kunena kwa abale ena kunali nkhani inanso, zimenezo ndi zomwe ndikuuzeni mugawo 7 limodzi ndi mmene ndinayambira kukumana ndi a uphungu.