Sabata ya Feteleza pa Doko la Beira

Mwezi wa Okutobala ukafika, mzinda wa Beira umatentha kwambiri, ndipo misewu yolowera kudoko imadzaza ndi mathiraki odikira kupakira feteleza wopita ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe mvula isanayambe. Imeneyi ndiyo nyengo yomwe ife okonza zipangizo za m'magalimoto sitiona tulo tokwanira. Ntchito yanga ndi kuika ndi kukonza timakina totsatira ulendo wa galimoto, tija aliyense amangoti tracker, pamodzi ndi tizipangizo toyeza dizilo m'thanki. Kampani yathu ndi yaing'ono, ndipo ambiri mwa makasitomala athu ndi eni mathiraki a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amene amafuna kuona pafoni pamene katundu wawo wafika. Anandilemba ntchito makamaka chifukwa ndimatha kulankhula ndi madalaivala m'Chichewa, ndi akalaliki a kudoko m'Chipwitikizi, komanso ndi anyamata a m'magalaja m'Chisena, chimene Mchewa sachedwa kuchimva akakhala nawo pang'ono.

Lolemba ndinakhala tsiku lonse m'galaja ina ya ku Munhava, ndikuika ma tracker m'mathiraki atsopano. Kachipangizoka n'kakang'ono moti kamakwana m'dzanja, koma mkati mwake muli zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu ambiri amazisokoneza. Mbali imodzi imamvetsera ma setilaiti a GPS, amene amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo imafunika kumva ma setilaiti osachepera anayi kuti iwerengere bwino pamene galimoto ili. Mbali imeneyi situmiza chilichonse kumwamba, imangomvetsera. Mbali yachiwiri ndi foni wamba yokhala ndi SIM khadi, imene imatenga malo awerengedwa aja n'kuwatumiza pa netiweki kupita ku kompyuta zathu. Kuika kwenikweniko si kovuta. Chimene chimadya nthawi ndi kusankha malo obisika amene chitsulo sichiphimba kumwamba, kupeza waya wa mavoti 24 amene sazima kiyi akachotsedwa, kuika fyuzi, ndi kuwotcherera mfundo iliyonse m'malo mongopota mawaya n'kukulunga tepi.

Kusiyana kwa mbali ziwirizi n'kumene kunandipatsa ntchito Lachiwiri m'mawa. Mwini mathiraki wina anandiimbira kuchokera ku Limbe, mawu ali pamwamba, kuti galimoto yake yasowa pamapu kuyambira usiku itangodutsa Catandica, ndipo anali atayamba kale kuganiza kuti dalaivala wadula mawaya. Aliyense amene anayendapo njira imeneyi amadziwa mmene ilili. Thiraki imachoka ku Beira pa msewu wa N6 kudutsa Dondo ndi Inchope mpaka ku Chimoio, kenako imakhotera kumpoto pa N7 kulowera ku Catandica, Guro, Changara ndi Tete, isanakwere kupita ku Zóbuè ndi kuchipata cha Mwanza. Pakati pa matauni amenewa pali zigawo za tchire ndi mapiri kumene foni imangokhala chete. Ndinawauza kuti, "Bwana, dikirani pang'ono, kachipangizo kakuona ma setilaiti bwinobwino, koma kalibe polankhulira." Tracker yabwino imasunga malo onse m'kati mwake, ndipo ikapeza netiweki imawakhuthula onse nthawi imodzi. Dzuwa lisanafike pamutu mzere wonse wa ulendo unaonekera pamapu, ndipo zinadziwika kuti dalaivala anagona pamalo amene amagona nthawi zonse. Vuto lofanana ndi limeneli limachitikanso pamalire, pamene SIM khadi ikusiya netiweki ya ku Mozambique kuti igwire ya ku Malawi, ndipo nthawi zina imatenga kanthawi isanavomerezedwe.

Koma mdani wathu weniweni kuno si tchire kapena akuba ayi. Ndi mchere. Anzanga amene anaphunzira ntchitoyi ku Lilongwe amadabwa ndikawauza kuti mfundo ya waya imene kwawo ingakhale zaka zambiri osavuta, kuno imayamba kubiriwira nyengo imodzi ya mvula isanathe. Mphepo yochokera kunyanja imanyamula timadontho ta madzi a mchere tosaoneka ndi maso, mcherewo umakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo pamene pali magetsi dzimbiri limathamanga kwambiri, makamaka pamene zitsulo ziwiri zosiyana zakhudzana. Onjezanipo fumbi la feteleza, limene nalonso limakoka madzi ndi kudya chitsulo, ndiye mumvetsa chifukwa chake thiraki yoima pamzere wa kudoko imakalamba msanga kunsi kwake.

Lachitatu anandibweretsera thiraki imene tracker yake inkazima ndi kuyaka payokha. Mwini wake anali atagula kale ina yatsopano yodula kwambiri, poganiza kuti yakaleyo yafa. Nditayeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ndinapeza kuti mphamvu ikufika bwino pafyuzi koma ikuchepa ikadutsa pulagi ina ya kuseri kwa kebini, ndipo nditaitsegula munali ufa wobiriwira ngati ndere za pachitsime. Ndinadula mbali yowolayo, n'kutsuka ndi sipiriti ya isopropyl, kuwotcherera mawaya atsopano, kuwaveka timachubu tija timafota tikatenthedwa, n'kupaka girizi wosadutsa magetsi pakamwa pa pulagi. Zonsezi mtengo wake sufika ngakhale pa chakudya chamasana cha anthu awiri. Tracker yakale ija ikugwirabe ntchito, ndipo yatsopanoyo ili m'bokosi lake. Ine ndine munthu wokonda zipangizo zatsopano mopitirira muyezo, ndipo mayi a kunyumba angachitire umboni, koma ndimaona kuti ndalama zambiri za eni magalimoto zimathera pogula makina pamene chofunika chinali munthu wofatsa wogwira chowotcherera.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinakwera padenga kukayang'ana mlongoti wanga, umenenso mchere suusiya. Chizolowezi changa ndikaweruka ndi kumvetsera sitima za panyanja. Malamulo a bungwe la International Maritime Organization amalamula sitima zikuluzikulu zoyenda pakati pa mayiko, kuyambira matani 300 kupita m'mwamba, kuti zikhale ndi chipangizo chotchedwa AIS, chimene chimaulutsa dzina la sitima, malo ake, liwiro ndi kumene yalunjika, pa mafunde a wailesi a 161.975 ndi 162.025 MHz. Uthengawu si wachinsinsi, cholinga chake n'chakuti sitima zisagundane. Kuti ndiumve ndimagwiritsa ntchito kachipangizo ka RTL-SDR, kamene poyamba kanapangidwa kuti anthu azionera TV pakompyuta, kolumikizidwa ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, ndi waya woongoka wotalika masentimita pafupifupi 46 amene ndinadula ndekha. Zonsezi zimakhala m'kabokosi ka pulasitiki kosungira chakudya, momwe ndinaponyamo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho, tochokera m'mabokosi a nsapato.

Poyamba zinali zongosangalatsa maso, kuona timadontho tikuyenda pamapu usiku. Kenako ndinazindikira kuti timadonthoto tikufotokoza za ntchito yanga ya mawa. Doko la Beira lili pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, ndipo sitima imafika padoko kudzera mu ngalande yaitali imene imayenera kukumbidwa nthawi ndi nthawi chifukwa mchenga ndi matope zimabwereramo. Madzi a kuno amakwera ndi kutsika kwambiri, kupitirira mamita 6 mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano, choncho sitima yolemedwa imadikira kunja mpaka madzi atadzaza. Ndikaona sitima ya katundu wosapakira m'makontena yachoka pamalo odikirira n'kuyamba kulowa m'ngalande, ndimadziwa kuti posachedwa mathiraki adzaitanidwa, ndipo aliyense adzafuna kuti tracker yake ikonzedwe lero lomwe. Akuluakulu a kuntchito anasiya kundiseka za kabokosi kanga kuyambira pamene anayamba kundifunsa m'mawa kuti kunja kuli sitima zingati.

Lachinayi ndilo linali tsiku lolemera pa sabatayi, osati chifukwa cha mawaya koma chifukwa cha munthu. Dalaivala wina wachikulire, wa kwawo ku Ntcheu, anafika kuofesi atanyamula pepala limene abwana ake anamutumizira pa WhatsApp. Pepalalo linali chithunzi cha mzere wa dizilo, wosonyeza kuti thanki inatsika mwadzidzidzi ali pafupi ndi Moatize, ndipo anauzidwa kuti ndalama yake idulidwa kumalipiro. Anakhala pampando n'kunena mofatsa kuti, "Achimwene, ine makina anuwa sindiwadziwa, koma mafuta sindinagulitse. Tandionereni bwino."

Kuba dizilo panjira imeneyi kulipo ndithu, ndipo sindingabise kuti ndinaonapo mizere imene sinkafuna womasulira: galimoto yaima pamalo athyathyathya usiku, injini yazima, mafuta n'kutsika mofulumira osabwereranso. Koma chipangizo choyeza dizilo sichiwerenga malita, chimangoyeza kutalika kwa mafuta pamalo amodzi m'thanki. Thiraki ikaima pamtunda kapena itapendekeka m'mbali mwa msewu, mafuta amathawira mbali ina ndipo mzere umagwa. Ngati ili ndi mathanki awiri olumikizana, mafuta amasamuka pang'onopang'ono kuchoka m'ina kupita m'inzake. Kutentha nakonso kuli ndi gawo lake, popeza dizilo amafufuma pafupifupi 0.08 peresenti pa digiri iliyonse, kutanthauza kuti malita 400 othiridwa masana ku Tete, kumene kumatentha koopsa, angaoneke ngati achepa ndi malita pafupifupi asanu kukazizira ndi madigiri 15 usiku. Nditatsegula ulendo wonse, osati kachidutswa kanali papepalako, ndinaona kuti mzere unagwa pamene galimoto inaima, ndipo unakweranso pafupifupi pomwe unali itangobwerera pamsewu. Mafuta akabedwa sabwerera okha m'thanki.

Ndinalemba lipoti lofotokoza zimenezi m'mawu osavuta n'kulitumiza kwa abwana ake, ndipo ndinawaimbiranso kuti ndiwafotokozere pakamwa. Sanakondwere kwenikweni, chifukwa munthu amene walipira ndalama pa makina safuna kumva kuti makinawo amafunika kuwamasulira. Komabe anavomera kuti thiraki ibwere tidzaiyezenso. Bambo aja potuluka anangoti, "Zikomo, mwana wanga," n'kupita kukaima pamzere wawo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mapulogalamu ambiri a masiku ano amatumiza okha uthenga wa "kuba mafuta" pafoni ya mwini galimoto, ndipo uthengawo umafika kwa munthu amene sanaonepo phiri la ku Zóbuè. Wopanga pulogalamuyo ali kutali, sadzamva kuti wina wadulidwa malipiro.

Lachisanu tinagwira ntchito yoyezanso thanki ija, ntchito yotopetsa imene ambiri amaidumpha. Timakhuthula mafuta onse, galimoto ili pamalo olingana bwino, kenako timathira malita 20 nthawi iliyonse, kudikira kuti akhazikike, n'kulemba nambala imene chipangizo chikusonyeza, mpaka thanki itadzaza. Mathanki ambiri ndi obulungira, choncho sentimita imodzi pansi siili ndi malita ofanana ndi sentimita imodzi pakati. Amene anaika chipangizocho poyamba anangokopera manambala a thanki ya mtundu wina. Tili mkati mwa ntchitoyi magetsi anathima, koma laputopu yanga inapitiriza ndi batire limene ndinadzipangira kuchokera ku timabatire totchedwa 18650 totsala m'malaputopu akufa. Luso limeneli ndinaliyamba pambuyo pa namondwe wa Idai, amene anagwetsa mzindawu usiku wa pa 14 Malichi 2019. Masiku otsatirawo kunalibe magetsi ngakhale netiweki, ndipo anthu okhala ndi mafoni odula anali chimodzimodzi ndi opanda foni. Amene anali ndi kawailesi ka mabatire ndi kasola kakang'ono ndiwo ankamva za kunja. Kuyambira pamenepo, chipangizo chilichonse chimene ndikufuna kugula ndimayamba ndafunsa kuti chidya magetsi ochuluka bwanji, ndipo chikafa ndingachitsegule kapena ayi.

Loweruka timaweruka masana. Ndinadutsa ku Maquinino kukafunafuna mapulagi ndi mtovu wowotcherera kwa anyamata ogulitsa zida zakale za mafoni, amene ena mwa iwo amatha kusintha kachidutswa kakang'ono ngati njere ya mpunga popanda galasi lokulitsira. Kwa iwo ndimagulanso mafoni akufa, chifukwa m'kati mwake mumakhala timasipika, timamota ndi timakamera tabwinobwino. Kuchokera kumeneko ndinapita ndi mwana wanga wamkazi ku Macuti, kufupi ndi nsanja yakale younikira sitima, titanyamula laputopu ndi mlongoti wamanja. Kugombe kulibe nyumba zotchinga, ndiye sitima zimamveka zambiri kuposa padenga pathu. Iye ntchito yake ndi kuwerenga mayina pakompyuta n'kuyesa kuloza sitima yake panyanja, ndipo wayamba kusiyanitsa yonyamula makontena ndi yonyamula mafuta pongoona maonekedwe.

Titabwerera kunyumba ndinapukuta zonse ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi abwino ndisanazibweze m'bokosi, chifukwa maola ochepa a kugombe amakwanira kusiya mchere pa pulagi iliyonse. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinapeza uthenga wochokera ku Kanengo wakuti mathiraki ena anyamuka opanda katundu kudzatenga feteleza, ndipo awiri mwa iwo ma tracker awo sakuoneka kuyambira pa Dedza. Ndinawayankha kuti akafika alowe kaye kugalaja asanakaime pamzere wa kudoko, ndipo ndinaika girizi ndi timachubu towonjezera m'chikwama cha Lolemba.