Mwana akalira, tisamufulatire mayi

Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya uzamba, pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mumtima. Mayi akakhala ndi pakati timamusamala ndithu: timamuyeza magazi, timamvetsera mtima wa mwana, timamufunsa ngati miyendo ikutupa. Koma mwana akangolira, maso onse amapita kwa mwanayo. Timamuika pasikelo, timamuyang'ana mchombo, achibale akufunsa kuti ndi mwana wanji. Mayi uja amatsala pabedi ngati kuti zake zatha. Chonsecho maola ndi masiku oopsa kwambiri kwa iye ndi amenewa.

Ndiyambe ndi magazi, chifukwa kutaya magazi ndi kumene kumapha amayi ambiri ochira padziko lonse. Timati mayi wataya magazi ambiri akataya mamililita 500 kapena kuposa pamenepo m'maola 24 oyamba. Vuto ndi lakuti diso limanama. Magazi amalowa m'nsalu, ena amatsikira pansi, ndipo mzamba wotopa amaona ngati ndi ochepa. Mu 2023 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa E-MOTIVE, amene anachitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania. Anayala pansi pa mayi pulasitiki yokhala ndi thumba la mizere yoyezera, kuti magazi aziwerengeka osati kungoganizira. Akafika pa mzere woopsa, azamba ankachita zonse nthawi imodzi: kusisita chiberekero, kubaya oxytocin (mankhwala olimbitsa chiberekero kuti magazi aleke kutuluka), kupereka tranexamic acid (mankhwala ochepetsa kutaya magazi), kuika dripi ndi kufufuza pamene magazi akuchokera. Kutaya magazi koopsa ndi mavuto ake kunatsika ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse. Palibe makina okwera mtengo pamenepa. Ndi pulasitiki, mankhwala odziwika kale, ndi anthu ophunzitsidwa kusazengereza. Chipatala chilichonse chobereketsa chiyenera kukhala nazo, ndipo oxytocin azisungidwa mufiriji, poti akatenthedwa amatha mphamvu ngakhale botolo likuoneka bwino.

Ine ndimakonda kugwira dzanja la mayi n'kuliika pamimba pake, pansi pa mchombo. Ndimati, "Mayi, mukumva kulimba uku? Ndi chiberekero chanu. Chikafewa, sisitani ndipo mundiitane, musachite manyazi." Mayi amene wauzidwa zimenezi amathandiza kudzilondera usiku pamene ife tili ndi wina pabedi lina.

Kenako pali nkhani ya kutulutsa mayi m'chipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mayi amene wachira bwinobwino akhale m'chipatala maola osachepera 24, ndipo aonedwenso pakati pa maola 48 ndi 72, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, komanso pa sabata ya 6. Ndikudziwa kuti mabedi amachepa ndipo pakhomo pamakhala ena akubuula. Koma ngakhale kumene nthawiyi imakwana, malangizo a potuluka timawapereka molakwika. Timawayankhula mothamanga kwa munthu amene sanagone, zosoka zikumuwawa, mwana akulira m'manja. Amangoti "chabwino" osagwirapo kanthu. Malangizo amenewa azimvanso bambo wa mwana kapena aliyense amene akakhale naye kunyumba, chifukwa ndiye adzaone mayi akuyamba kusokonezeka. Adziwe kuti mutu wowawa kwambiri pamodzi ndi maso kuchita chidima si kutopa chabe. BP imatha kukwera mwana atabadwa kale, mpaka mayi kukomoka. Adziwe za kutentha thupi, zotuluka zonunkha, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kubanika popuma. Ndipo akhale ndi nambala ya foni imene wina amayankhadi.

Pa sabata ya 6 paja, kawirikawiri amene timamuona ndi mwana yekha. Katemera, sikelo, basi. Mayi amene wamubweretsa palibe womufunsa ngati bala linapola, ngati mkodzo ukumuthawa, ngati waganizapo za kulera. Ambiri amavutika ndi zimenezi mwakachetechete zaka zambiri poganiza kuti ndi mmene uchembere umakhalira.

Za kuyamwitsa sindichulukitsa. Kuyambira 1991, pamene WHO ndi UNICEF anayambitsa ndondomeko yolimbikitsa kuyamwitsa m'zipatala ya Baby-Friendly Hospital Initiative, zipatala zambiri zili ndi zithunzi pakhoma: mwana agonekedwe pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, ayamwe mu ola loyamba, ayamwe bere lokha miyezi 6. Zoona zonsezo. Koma chithunzi sichingaone kuti mwana wagwira nsonga yokha ya bere, ndiye chifukwa chake ikung'ambika. Pamafunika munthu akhale pansi pambali pa mayi, amuthandize kumuika bwino mwanayo, osamukalipira.

Chimene timachithawa kwambiri ndi maganizo a mayi. Kulira popanda chifukwa m'masiku oyamba kumachitikira ambiri ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Kukapitirira, mayi osagona ngakhale mwana atagona, osamva chikondi pa mwana wake, akudziona wachabechabe, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. WHO imati amayi pafupifupi 13 pa 100 alionse amene angochira amadwala m'maganizo, ndipo m'maiko osauka chiwerengerochi chimayandikira 20. Pali mafunso 10 okha ofufuzira matendawa, otchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, amene alipo kuyambira 1987, ndipo satenga nthawi. Koma mayi sangaulule kuti akuganiza zodzipweteka pamaso pa anthu a pamzere, kapena kwa namwino amene anamunyoza pobereka. Pamafunika katani kapena chitseko chotseka, ndi mawu aulemu kuyambira tsiku loyamba. Komanso tisafunse ngati sitinakonze kumene timutumize akayankha kuti inde.

Palinso mayi amene mwana wake wapita. Ndaonapo wotere atagonekedwa pakati pa anzake oyamwitsa, ana akulira mbali zonse, ndipo zimenezi siziyenera kuchitika pachipatala chilichonse. Apezeredwe malo ena ngakhale pangodya. Auzidwe kuti mkaka ubwerabe ndi zimene angachite mabere akadzaza. Auzidwe zoona za chimene chachitika, m'mawu amene angamve, ndipo apatsidwe tsiku lobweranso ngati mayi wina aliyense.

Kwa akuluakulu oyendetsa zipatala ndili ndi pempho. Mukamagawa anthu a ntchito, wodi ya amayi ochira musaiyese malo opumulira kumene mzamba mmodzi angakwanitse usiku wonse. Pabedi lililonse pali anthu awiri ofunika kuyezedwa, ndipo mzamba amene akuthamangira kukabereketsa kwina sangabwere pa nthawi yake kudzagwira pamimba pa mayi kuti aone ngati chiberekero chalimba. Powerenga odwala a m'wodi imeneyi muziwerenga mayi payekha ndi mwana payekha, kenako mugawe azamba molingana ndi chiwerengero chimenecho.