Mapesi osawola ndi njala ya mbewu: zomwe ndikuphunzira za chonde

Mabuku a sayansi ya nthaka amagawa nthaka yabwino panayi. Pa magawo 100 alionse, 45 ndi mchenga, dothi ndi timiyala, 25 ndi madzi, 25 ndi mpweya, ndipo 5 okha ndi zinthu zowolerana: mizu yakufa, masamba, ndowe ndi matupi a tizilombo. Minda yambiri yolimidwa chaka ndi chaka siifika n'komwe pa 5 ameneyo. Chandigwira mtima pa mutu umenewu n'chakuti kagawo kochepa chonchi ndi kamene kamachititsa kuti madzi ndi mpweya zipeze malo m'nthakamo.

Aphunzitsi anationetsa zimenezi ndi zibuma ziwiri zouma, china cha pansi pa mitengo pomwe khasu silinafikepo, china cha m'munda wolimidwa zaka zambiri. Anaziika pa kawaya m'mabotolo awiri a madzi. Cha m'munda chija chinatulutsa timathovu, n'kuyamba kugumuka m'mbali, posakhalitsa madzi onse anasanduka matope. Cha pansi pa mitengo chinangomwa madzi n'kukhala chomwecho, madzi ali mbee. Chimagwirizira dothi lake ndi timizu, tiulusi ta nkhungu za m'nthaka, ndi zomata zomwe tizilombo timatulutsa tikamadya zowolerana. Chomata china, glomalin, chomwe chimapangidwa ndi nkhungu zokhala pa mizu ya mbewu, anachitulukira Sara Wright ku America mu 1996. Zochitika m'botolo muja n'zomwe mvula imachita m'munda woguga: dothi limasungunuka n'kutseka timibowo, madzi n'kumangothamanga pamwamba atanyamula chonde, ndipo dzuwa likawala pamauma gwa, mbewu n'kumavutika kutuluka.

Zowolerana zikawola mpaka kusanduka dothi lakuda lija, zimagwiranso michere monga potaziyamu, kashiamu ndi maginiziyamu kuti mvula isapite nayo pansi pomwe mizu siifika. Mchenga sugwira kanthu, ndipo dothi lofiira la m'madera otentha limagwira pang'ono. Zowolerana zolemera chimodzimodzi ndi dothi lofiiralo zimagwira kuposa kakhumi. Ndiye chifukwa chake feteleza yemweyo amayankha mosiyana m'minda iwiri yoyandikana.

Pomwe ndakhalitsa kwambiri ndi pa funso lomwe alimi amafunsa, ndipo safunsa zopanda pake: bwanji ukakwirira mapesi mbewu zimachita chikasu? Yankho lili pa kadyedwe ka tizilombo towoletsa zinthu. Kuti tidye magawo pafupifupi 24 a kaboni, yemwe amapanga gawo lalikulu la mapesi ndi zowolerana zonse, timafuna gawo limodzi la nayitrojeni, mchere womwe mbewu imafunanso kuti ikule. Koma m'mapesi a chimanga gawo limodzi la nayitrojeni limayenda ndi magawo a kaboni oyandikira 60, m'mapesi a tirigu 80, ndipo mu utuchi wa matabwa ndi mazanamazana. Tizilomboto tikapeza chakudya chochuluka chonchi koma chosowa nayitrojeni, timatenga wa m'nthaka, yemwe yemweyo amene kambewu kongomera kamadalira. Masamba a m'munsi amayamba chikasu kuchokera kunsonga, mmera n'kupinimbira.

Nayitrojeni ameneyo satayika. Amakhala m'matupi mwa tizilomboto, ndipo tikafa amabwerera m'nthaka. Ndi ngongole, kungoti imabwezedwa mochedwa, nthawi zina mbewu itadutsa kale msinkhu womwe imamufunitsitsa. Mlimi amene waona zimenezi ndi maso ake n'kuganiza zotentha mapesi chaka chotsatira sindingamunene kuti ndi wosadziwa. Waona zoona. Chomwe moto umamubisira n'chakuti kaboni, nayitrojeni ndi salufa zimapita ndi utsi, n'kutsala phulusa lokhala ndi potaziyamu ndi kashiamu, lomwenso mphepo ndi mvula yoyamba zimatha kulichotsa. Nyongolotsi ndi tizilombo tina timatsala opanda chakudya.

Njira zothetsera ngongole ija zilipo. Masamba a mbewu za m'gulu la nyemba amakhala ndi nayitrojeni wambiri, moti ukawasakaniza ndi mapesi, tizilombo sitilanda wa mbewu. Ndowe zimathandiza chimodzimodzi. Mapesi akawolera kaye pa mulu wa kompositi, njala ya tizilomboyo imathera komweko. Akangoyalidwa pamwamba osakwiriridwa amawola pang'onopang'ono, kulandako n'kuchepa, uku akusunga chinyezi.

Za kutalika kwa nthawi ndaziona bwino powerenga za Rothamsted, malo ofufuzira za ulimi ku England, komwe John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert anayamba kuyesa tirigu m'munda wa Broadbalk mu 1843, ndipo kuyesako kukupitirira mpaka lero. Chigawo cholandira matani 35 a manyowa a m'khola pa hekitala chaka chilichonse chili ndi kaboni wa m'nthaka, yemwe ndi muyeso wa zowolerana, woposa kawiri wa chigawo chosalandira kanthu. Zigawo za feteleza yekha zimakolola bwino ndithu, koma kaboni wake sanakwere kwenikweni. M'munda wina pomwepo, wa Hoosfield, chigawo china chinathiridwa manyowa kuyambira 1852 mpaka 1871 basi, koma patapita zaka zoposa 100 nthaka yake inali ikadali ndi zowolerana zambiri kuposa yomwe sinathiridwepo.

England ndi kozizira, ndipo zimenezi siziyenera kuiwalika. Kumalo otentha ndi achinyezi tizilombo timadya msanga, ndipo kugalauza nthaka kumalowetsa mpweya womwe umafulumizitsa kudyako. Kumeneko zowolerana zimafuna kuwonjezeredwa chaka chilichonse, pomwe mapesi omwewo akufunidwanso ndi ziweto m'chilimwe. Ine ndikuona kuti ziweto zidye ndithu, bola ndowe zake zibwerere kumunda komwe mapesiwo anachokera, ndipo mulu wa manyowawo uzikhala wofunditsidwa, chifukwa pa dzuwa ndi pa mvula nayitrojeni wake amatha usanafike kumunda.