Za ulendo wathu wokaona kiliniki ya malamulo ku Johannesburg

Anzanga a gulu la kiliniki ya malamulo, komwe ophunzira timathandiza anthu pa nkhani zawo za malamulo, ambiri mwakhala mukundifunsa kuti ulendo uja unayenda bwanji ndiye ndati ndingolemba kamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp. Tinapita anthu 9, ophunzira 8 ndi madamu athu otiyang'anira aja, ndipo anatilandira ndi anzathu a sukulu ina ya malamulo ku Johannesburg amene ali ndi kiliniki yawo pa kampasi pomwepo. Za pamsewu sindinena zambiri, miyendo inatupa koma tinafika.

Tsiku loyamba anatitengera ku Constitution Hill. Paja mlandu wa Makwanyane tonse tinauloweza chaka choyamba, wa mu 1995 umene unathetsa chilango cha imfa ku South Africa, koma sindimadziwa kuti khothi lomwe linagamula mlanduwo, Constitutional Court, pano lili mkati mwa ndende yakale. Nyumba yake anaitsegula mu 2004 ndipo njerwa zina za chipinda choweruziramo ndi zomwe anagumula pa nyumba yosungiramo anthu odikira milandu. Ukatuluka pakhomo kungoyenda pang'ono wafika ku Number Four kumene amatsekerako akaidi achikuda, ma selo ang'onoang'ono a zitseko zachitsulo zolembedwalembedwa ndi akaidi, mnzathu wina amene salephera kuseketsa anthu anangoti zii mpaka titatuluka. Gandhi anakhalapo m'ndende imeneyi, Mandela nayenso anamusungapo ku Old Fort, mbali ina ya ndendeyi. M'khothimo mipando ya majaji ndi 11, ndiye kumbuyo kwawo kuli kawindo kakatali kopyapyala koti munthu wodutsa panja umangomuona miyendo basi, sungadziwe kuti ndi bwana kapena wogulitsa ma eyataimu.

Koma ine chomwe chandikhalira m'mutu si nyumbayo ayi, ndi tsiku lachiwiri ku kiliniki. Anatigawa awiriawiri kuti tikhale nawo pomwe ophunzira akucheza ndi makasitomala, ndipo asanatilowetse amayamba apempha kaye mwini nkhani ngati akulola alendo, akakana basi mudikira panja. Ife tinalowa kwa mayi wina wachikulire amene anabwera ndi jumbo yodzaza mapepala, ma peyisilipi, makalata a kuchipatala, chilichonse, akuti anawachotsa ntchito yoyeretsa m'maofesi popanda kuwamva mbali yawo. Amalankhula Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi ndiye zina zimandidutsa. Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kusanja mfundo ngati ndikuyankha mayeso, chifukwa chowachotsera, ndondomeko yake, milandu yofanana nayo, koma mtsikana amene amawafunsayo, wa chaka chomaliza ngati enafe, anawasiya alankhule mpaka atopa osawadula, kenako anangofunsa kuti mama, kodi anakuuzani tsiku liti kuti musabwerenso? Mayi aja sakukumbuka. Anakhuthula jumbo yonse patebulo, kufufuza mpaka anapeza meseji mu foni, mtsikana uja n'kutenga kalendala kuyamba kuwerenga ndi cholembera, masiku 26.

Kumeneko nkhani yochotsedwa ntchito mopanda chilungamo umayenera kukaitula ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30, ndipo amawerenga ndi Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Ukachedwa uyenera kupempha kaye kuti akukhululukire kuchedwako ndi zifukwa zomveka, ndipo akhoza kukana. Ndiye fomu yokatulira nkhaniyo ku CCMA, imene amaitcha LRA 7.11, anaidzaza pompo, loya wowayang'anira anabwera kudzaiona mzere ndi mzere chifukwa wophunzira satulutsa pepala lililonse popanda loya kuliona, anakonza dzina la kampani limene mayi aja anatchula mwachidule, n'kuwauza kuti kope lina lipite kwa abwana awo akale tsiku lomwelo. Mayiwo akanati adikire malipiro a mwana wawo kuti apeze thiransipoti sabata yotsatira, bwenzi tikukamba zina.

Ndinachita manyazi pang'ono kunena zoona, chifukwa pa fomu yathu yolandirira anthu funso la tsiku lili kumapeto kwenikweni, kuseri kwa pepala, ndipo kangati timalisiya osalemba poti munthu wanena kuti ndi mwezi wathawu.

China chomwe ndinaona, kwa iwo kiliniki ndi kosi yokhala ndi mamalikisi, uli ndi mafayilo ako ako ndipo ukapanda kumuimbira kasitomala zimaoneka pa rizati. Ena mwa ife tinasilira, ena akuti zikatero anthu azibwera chifukwa cha mamalikisi osati mtima, tinakangana mpaka usiku osagwirizana. Ine ndili mbali ya mamalikisi, mtima umatha nthawi ya mayeso ikafika, tonse tikudziwa momwe ofesi yathu imakhalira pululu mwezi umenewo.

Madzulo ake tinacheza za mwayi wina. Anatikumbutsa za moot (mpikisano wa milandu yongoyeserera) ya ufulu wa anthu ya mu Africa yomwe amayendetsa a Centre for Human Rights ku University of Pretoria, inayamba mu 1992 ndipo pano imadziwika ndi dzina la malemu Christof Heyns, komanso konko kuli digiri ya masitazi (LLM) ya ufulu wa anthu ndi demokalase yotenga ophunzira a maiko osiyanasiyana a mu Africa. Constitutional Court nayo imalandira ma clerk (othandiza majaji kufufuza za milandu) ochokera kunja, kungoti ndalama zokhalira umadzipezera wekha, apa ndi pomwe ambiri tinasiya kulemba manotsi.

Pa msonkhano wa Lachisanu ndibweretsa fomu yawo yolandirira anthu tiiyerekeze ndi yathu, ndikufuna funso la tsiku likwere pamwamba pafupi ndi dzina. Za ndalama zaulendo funsani msungichuma, malisiti onse ali ndi iyeyo.